Amuna Anayi Anyamula Chinthu Chimodzi Chachitali

Lamulungu, 7 Julayi 2024

Ulaliki wa lero sindinaumve. Thupi linali pa benchi yachitatu, koma mutu unali utabwerera ku 2017, ku Namibia, pansi pa shedi ya malata m'kamudzi kouma ka kummwera kuja, mbuzi zikudya katoni pambali pathu. Ine ndi a Pulofesa amene ankandiphunzitsa za zilankhulo tinkaonetsa amayi atatu achikulire timavidiyo pa laputopu. Ntchito yake inali yophweka: mayi aonere munthu akunyamula chinthu, kenako anene m'Chinama, chilankhulo chawo, chimene waona, ife tizilemba mmene mneni wawo wa kunyamula, woti tani, akukhalira m'chiganizo.

Vuto linali mavidiyowo. Anajambula ndi ophunzira a ku Ulaya m'khonde la yunivesite yawo. Mtsikana wina anali atasenza ndowa yopanda madzi, ataigwira ndi manja onse awiri, khosi lili gwa. Tinafunsa kuti akutani ameneyu. Mayi woyamba anati akusewera. Wachiwiri anati wapatsidwa chilango. Wachitatu anaseka mpaka kutsokomola. Mneni uja woti tani sanatuluke ngakhale kamodzi.

Ndiye ine, munthu amene ndimatha sabata osamaliza chiganizo pagulu, ndinatsegula pakamwa. Ndinati kwathu ku Nkhotakota anthu amanyamula zinthu zenizeni, mukanajambula kumeneko. A Pulofesa analemba m'kabuku kawo.

Sanaiwale. Imelo yawo inafika pa 20 Juni, muli zinthu ziwiri. Choyamba, ndiwajambulire timavidiyo makumi awiri ta anthu akunyamula zinthu. Chachiwiri, kwapezeka malo a digiri ya udokotala, zaka zitatu kuyambira Febuluwale, ndipo akufuna ine. Mavidiyo ndi yankho langa zifike pa 15 Julayi.

Mkazi wanga Tabitha ndamuuza choyambacho basi. Mwana wathu Thokozire ali ndi miyezi isanu. Tabitha wangobwerera kumene ku ntchito yake ya unamwino. Ndiyambira pati?

Lolemba, 8 Julayi

Fomu 4 ikulemba mayeso, ndiye masana ndili ndi mpata. Ndinapita ku shedi ya Yahaya, mnzanga wa ku pulayimale, kalipentala. Amakhala nyumba yachitatu kuchokera pathu, ndipo mkazi wake Mwanahalima ndi amene amatisungira Thoko tonse tikakhala ku ntchito.

Ndinamuwerengera mndandanda. Nambala 1, mkazi mmodzi wasenza ndowa. Nambala 4, akazi awiri asenza nkhuni. Nambala 9, mwamuna akulowa m'nyumba thumba lili paphewa. Nambala 10, akutuluka nalo. Mpaka nambala 17, amuna anayi anyamula chinthu chimodzi chachitali. Mpaka nambala 20, mwamuna wabereka mwana. Malamulo ake: osayang'ana kamera, osalankhula, osaseka, ndipo chinthu chimodzi chizioneka kuti ndi chimodzi.

Y. anasiya kupala thabwa. "Ndiye iwe Hubert, ulendo wonse uja unapitira kukaphunzira kunyamula? Ukanabwera pano ndikanakusenzetsa matabwa ulere."

Ndinayesa kufotokoza. Kuti m'Chinama mneni amakonda kukhala kumapeto kwa chiganizo. Kuti tani amatha kumatirana ndi mneni wina, monga wa kulowetsa kapena kutulutsa, n'kukhala liwu limodzi, ndipo tikufuna kudziwa kuti zimenezi zimachitika liti. Kuti kumeneko amuna awiri ali ndi mathero awoawo, osiyana ndi a amuna atatu kapena anayi: m'Chinama amuna awiri amati aokha, ochuluka amati aogu. N'chifukwa chake onyamula tikuwawerenga.

Iye: "Nanga akakhala awiri, koma mmodzi akungogwirizira ngati mlamu wanga Kalilu?"

Ndalemba funsolo kuti ndikafunse. Masamba makumi asanu ndi anayi ndinalemba pa mneni ameneyu, koma kalipentala wapeza bowo mphindi zisanu zisanathe.

Kenako sindikudziwa kuti zinatheka bwanji, ndinamuuza za zaka zitatu zija. Mwina chifukwa anali atandifulatira, akusaka misomali. Anati, mlamu akuti chiyani? Ndinati sindinamuuze. Anatembenuka n'kuti, "Wandipatsiranji katundu wako?" Walonjeza kuti sauza munthu.

Lachiwiri, 9 Julayi

Mavidiyo asanu ndi atatu atheka, koma si masewera.

Ndinapempha Mwanahalima kuti asenze ndowa pa mjigo monga amachitira tsiku lililonse. Anati dikirani pang'ono. Anatuluka patapita theka la ola atavala zovala za ukwati wa mchemwali wake, m'maso atapaka wanja, ndolo zikulendewera. Ndinati a Pulofesa akufuna zinthu za masiku onse. Iye: "A Pulofesa anuwo akamajambulitsa amavala za kumunda?" Tajambula choncho.

Amayi ena a pa mjigo ataona, aliyense anathamangira kwawo kukasintha. Nambala 4 imafuna akazi awiri. Anabwera asanu ndi mmodzi. Ndinalephera kubweza wina aliyense, ndiye ndajambula katatu, awiriawiri, ndipo onse ndawauza kuti awo ndiwo atuluka bwino.

Koma kuyenda kwake! Ndowa yodzadza, nkhata pamutu, manja ali pansi, wina akumangiranso chitenje akuyenda. Madzi osadontha. Amayi a ku shedi ya malata aja akadzaona izi sadzati munthu akusewera.

Ndikulemba mayina a mavidiyo ndaona kuti Chichewa chathu sichilola kunyamula wamba. Pamutu n'kusenza, kumsana n'kubereka, m'manja mwana timayangata, m'khwapa timapanira, paphewa timakoleka. Ndakhala ndikuphunzitsa Chichewa zaka zisanu osaima kuti ndiziyang'ane.

Pa chakudya chamadzulo ndinayesa. "Mayi a Thoko, ku Namibia kuja..."

"Kwatani?"

"Mwezi uno kumazizira kwambiri."

"Kunonso mwera wavuta. Tsekani zenera."

Ndatseka zenera.

Lachitatu, 10 Julayi

Nambala 20 palibe akuifuna. Amuna asanu ndi awiri ndapempha. Wina akuti msana. Wina akuti mwana wake ndi wamanyazi. Aphunzitsi a masamu akuti akhoza, koma nkhope isaoneke, ndipo kusakhale kuno, tipite ku Kanyenda kumene sakuwadziwa. Wa kabaza wina anati mwamuna amabereka ndi nsalu mkazi akagonekedwa m'chipatala, ndiye ndikufuna kumulodzera mkazi?

Y.: "Mwana uli naye, msana uli nawo."

Ndinati nanga foni agwira ndani.

Zoona zake n'zakuti Thoko sindinamuberekepo. Ngakhale kumuyangata ndimachita ngati ndagwira thireyi ya mazira a munthu wina. Chimene ndimatha ndi kumuimbira ziphokoso za lilime zimene zili m'mawu a Chinama, zinayi zonse, iye ali pamkeka. Amaseka mpaka kudzuma. Poyamba Tabitha ankaganiza kuti ndikumutsonya mwana. Tsopano amangoti, "Bambo anu ayamba phunziro."

Mawa nambala 17. Bwato talephera, ndi lolemera. Kalilu, mlamu wa Y. amene ndi msodzi, wati abweretsa chilimira, ukonde wawo waukulu uja, tiukulunge bwinobwino, tiuike pa makwerero a Y.

Lachinayi, 11 Julayi

Ndilembe mwadongosolo, mwina ndimvetsa pamene ndinalakwira.

Kalilu anabwera ndi asodzi anzake awiri cha m'ma 3 koloko. Anamva za Mwanahalima ndi zovala zake, ndiye nawonso anabwera atasamba, mikanjo yoyera, mizuli kumutu. Y. ataona anakavalanso wake. Sindinanene kanthu. Kulakwa koyamba.

Chilimira titachiika pa makwerero, tizigubu take toyandamitsa tinali lendelende mbali zonse. Ndinati a Pulofesa akufuna chinthu chimodzi, izi zikuoneka zambiri, tiphimbe. Mwanahalima anatibwereka nsalu yaikulu yobiriwira. Kulakwa kwachiwiri.

Kenako dzuwa. Kuti nkhope zioneke, dzuwa liyenera kukhala kumbuyo kwanga, ndiye ndinati asalowere kunyanja, alowere kumtunda, ine ndiziyenda chambuyo patsogolo pawo. Msewu umenewo umadutsa pa mzikiti n'kukathera kumanda. Ndakhala m'dera lino moyo wanga wonse. Ndikudziwa bwinobwino kumene msewuwo umapita. Koma mutu wanga unali pa dzuwa.

Ndinawakumbutsa: osalankhula, osaseka, osayang'ana kumbali. Ananyamula paphewa. Anayamba kuyenda. Zinali zokongola, kunena zoona.

Titafika pa golosale, a Abubakar, mkulu wovutika bondo amene kale anali telala, anaimirira pakhonde. Anavala patapata, anabwera motsimphina, anakhudza Kalilu paphewa. Kalilu, mosaganiza, anawapatsa malo.

Umu ndi mmene anzathu Achisilamu amachitira ndi jeneza, chonyamulira maliro chawo. Mwamuna aliyense wokumana nacho amalowa pansi, kunyamulako mapazi angapo, wina n'kumulandira. Safunsa kuti ndani. Ndipo wina akabwera kudzakulandira, sumukaniza. Ndaziona kambirimbiri ndili mwana, nditaima m'mbali mwa msewu.

Inali nthawi imene amuna amapita ku swala, pemphero lawo la chakumadzulo. Anatulukira uku ndi uku. Tisanafike pa mtengo wa mango wa pa mphambano, anthu anga anayi onse anali atalandiridwa. Pansi pa makwerero panali anthu anayi achilendo, ndipo anayamba kuyenda msanga, monga amayendera ndi maliro. Wina anayambitsa mawu a pemphero aja chapansipansi, ena n'kumayankha. Ine chambuyo, chambuyo, foni m'manja.

Ndinakonza chiganizo choti ndinene. Choyamba chinali chachitali. Chachiwiri chinamveka chamwano. Ndikukonza chachitatu, anthu anali atapitirira makumi awiri. Wa kabaza anatsika panjinga. Wogulitsa makaseti anazimitsa wailesi. Amayi a pa mjigo, anga omwe aja a Lachiwiri, anatula ndowa n'kukhala pansi.

Ndinamva wina akunong'ona, "Ndani?" Mnzake: "Wa m'madzi. Simukumva fungolo? Mwera wa dzana uja."

Y. anandipeza, akuyenda pambali panga, mano ataluma.

"Lankhula, iwe!"

"Lankhula ndiwe, ndi anthu a mpingo wako."

"Vidiyo ndi yako!"

"Ndikukonza mawu."

"Ukonzera kumanda?"

Ndipo sindinazimitse foni. Izi ndiye zikundisautsa. Mphindi zisanu ndi imodzi ndi masekondi khumi.

Pa mzikiti anatula mosamala pakhonde. A Shehe anatuluka, manja ali ndi madzi mpaka m'zigongono, magalasi pamphumi. Anayang'ana nsalu, anayang'ana gulu.

"Wamwalira ndani ine osauzidwa? Wasambitsa ndani?"

Kenako mitu yonse inatembenukira kwa munthu yekhayo amene analibe mzuli, Mwangilikani wogwira foni.

Ndinati, "Ndi chilimira, a Shehe."

Anatsitsa magalasi, anakweza nsalu pang'ono. Kausipa kouma kanagwera pansi. A Abubakar anangokhala pa sitepe atagwira bondo. Kumbuyo wina anaphulika kuseka, ena n'kutsatira, koma si onse. Bambo wina anandiloza chala kumaso. Mng'ono wake ali panyanja kuyambira dzulo, ndipo amayi awo atamva zoti wa m'madzi anali atayamba kale kulira kunyumba. Pamenepo ndinafuna nthaka indimeze.

Y. anafuna kundipulumutsa. Anakwera pa sitepe n'kukweza manja. "Akuluakulu, mukhululukireni, ndi za sukulu. Mwalimuyu, mphunzitsi wathuyu, akupita ku Namibia zaka zitatu. Akukakhala dokotala wa kunyamula."

Pamaso pa amuna makumi anayi. Chinsinsi chimene ndasunga masabata atatu.

A Shehe anati tibwere mawa ikatha swala ya Lachisanu, koma ukonde wathu tiuchotse pakhomo pawo nthawi yomweyo. Pobwerera palibe anatilandira. Ndinanyamula nawo. Ndi cholemera.

Tabitha anafika 5 koloko itapitirira, atadzera kwa Mwanahalima kukatenga mwana. Anakhalitsako. Atalowa anavula nsapato, anati, "Ndamva kuti munali ndi maliro."

"Eee. Ayi."

"Pepani."

Basi. Anapita kukasambitsa Thoko.

Lachisanu, 12 Julayi

Mmawa ndisanapite ku sukulu ndinadzera kwa mayi aja analira dzulo. Mwana wawo wabwerako kunyanja, ali bwinobwino, ndinamupeza akudya mbatata. Ndinagwada pakhomo. Mayiwo anandiyang'ana n'kuti, "Ndinu mwana wa malemu aphunzitsi a ku mishoni? Bambo anu anali munthu wanzeru."

Masana ku mzikiti. Anatikhazika pamkeka pakhonde, ine, Y. ndi Kalilu, akuluakulu asanu ndi awiri kutsogolo kwathu. Chipepeso ndinachilemba papepala dzulo kuti ndisakonze mawu pamaso pa anthu. Ndinawerenga. A Shehe anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati cholakwa changa si kujambula, si nsalu, koma kukhala chete munthu ukuona anzako akulakwitsa chifukwa cha iwe. Ndinavomera. Ndikanatsutsa chiyani?

A Abubakar anali ndi funso lawo. "A Shehe, ine ndayenda ndi bondo ili kuchokera pa golosale mpaka pano. Ndinalandira kawiri. Sawabu zanga zilembedwa, kapena ndanyamulira usipa?"

A Shehe anati Mulungu amayang'ana cholinga cha mumtima, ndiye mphotho yawo ilipo.

"Yonse?"

"Yonse."

"Ngakhale ya kachiwiri kaja?"

"A Abubakar, musachite malonda pa mzikiti."

Kenako anapempha kuonera vidiyoyo. Ndinaganiza kuti akufuna umboni. Ayi. Anaionera katatu, foni ikuyenda dzanja ndi dzanja, aliyense akudzisaka. Wina anadandaula kuti waoneka wamfupi. Wina anati taonani Kalilu, ngakhale asanalandiridwe phewa lake silikukhudza makwerero. A Abubakar anafunsa kuti anthu a ku Namibiawo akaona adzati chiyani m'chilankhulo chawo. Ndinawauza chiganizo chachifupi, chokhala ndi ziphokoso za lilime ziwiri. Anandiuza ndibwereze. Ndinabwereza. A Shehe anayesa, magalasi anagwa.

Chigamulo: vidiyo imeneyi isapite kunja, ifufutidwe pamaso pawo. Yafufutidwa. Ndipo mawa mmawa ine, Y. ndi Kalilu tikatute njerwa za mpanda wa kumanda. A Shehe: "Popeza ndinu dokotala wa kunyamula."

Potuluka aliyense anandigwira chanza, ulendo wabwino Mwalimu, mukatikumbukire.

Kunyumba T. za Namibia sanazitchule. Wandiuza kuti sopo watha, kuti Thoko wayamba kutembenuka yekha. Akulankhula nane mwaulemu wambiri, wa mlendo. Mpunga anandiikira m'mbale ya alendo ija ya maluwa.

Akudziwa. Ndikudziwa kuti akudziwa. Akudikira kuti amve kwa ine.

Loweruka, 13 Julayi

Njerwa. Wilibala inalipo imodzi, anatenga Kalilu, n'kumaikamo njerwa zisanu. Ine paphewa, zinayizinayi, mpaka khungu lasupuka. Mayi wina wodutsa anaima n'kundipindira nkhata ndi mpango wake, akuti ndikumumvetsa chisoni. Ndinayesa kusenza. Njerwa ziwiri zathyoka. Ndinabweza mpango.

Titamaliza tinajambulanso nambala 17. Makwerero okha, opanda nsalu, kulowera kunyanja, dzuwa lichite zimene likufuna. A Abubakar anaumirira kukhala kutsogolo. Akuti popeza vidiyo yawo yoyamba inafufutidwa, ndili nawo mangawa a nkhope. Bondo lero silinavute. Mavidiyo 19 atheka.

Masana ndinaperekeza T. kumsika. Pa benchi ya tomato mayi wogulitsa anafuula, "Mayi a Thoko! Tamva, tamva! Mukupita kunja, eti? Mudzatisiyire mbaula yanu ija."

T. anapitiriza kusankha tomato. "Ine sindinauzidwe, mayi. Mwina kalata yake inafikira kwa inu."

Ine ndili pomwepo, pambali pake, jumbo ya anyezi m'manja. Mayi uja anandiyang'ana, anayang'ana T., n'kuwonjezera tomato awiri a basela osapemphedwa.

Njira yonse yobwerera ndinakonza ziganizo. Pa chigayo cha mpunga ndinali nacho chabwino. Pofika pa mjigo chinali chitaola.

Ndilembe pano zimene zikukanika pakamwa. Ndikufuna kupita. Ndikufunitsitsa, mpaka manyazi. Zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikudziuza kuti za Chinama zija zinali za unyamata, kuti ndine mphunzitsi wa Fomu 2 ndipo zandikwanira. Imelo itafika ndinaiwerenga m'chimbudzi cha aphunzitsi. Sabata ino, ndi zopusa zake zonse, ndakhala wamoyo kuposa chaka chonse chatha.

Koma sindikufuna kupita ndekha, ndipo sindikudziwa ngati ndalama ya sukuluyo ingasunge anthu atatu, kapena ngati T. angapeze ntchito kumeneko, kapena ngati angafune n'komwe kusiya amayi ake ku Malengachanzi. Ndikapita ndekha, Thoko adzayamba kuyenda, kulankhula, ine ndikumuonera pa foni. T. adzasenza zonse. Sindinamuuze chifukwa ndimaopa kuti akana. Ayi, bodza. Ndimaopa kuti avomera, n'kunena kuti pitani, ndi nkhope ija amavala akamabaya mwana jakisoni, ndipo sindidzadziwa zimene zili mkati.

Akati ayi, ndilemba ayi. Izi ndikutsimikiza. Ndikuganiza kuti ndikutsimikiza.

Lamulungu, 14 Julayi

Nkhani yafika ku tchalitchi. Pa zolengeza, a katekisiti anati tikumbukire m'mapemphero m'bale wathu Hubert amene akupita kunja kukaphunzira udokotala. Pambuyo pa mapemphero mkulu wina anandikokera pambali kundionetsa chotupa cha pakhosi. T. anaimba nyimbo zonse mokweza kuposa masiku onse.

Titafika kunyumba anasintha zovala, anayamwitsa mwana, kenako anatuluka ndi mbereko m'manja.

"Yatsala nambala chiyani?"

Sindinadziwe kuti amawerenga nawo. Ndinati 20.

"Weramani."

"Mayi a Thoko, foni agwira ndani?"

"Ine ndilibe manja? Weramani. Kwambiri. Msana uwongoke, si njinga iyi."

Anamukhazika Thoko pamsana panga. Kutentha kwake, sindinayembekezere. Timanja tinagwira kolala. T. anaponya nsalu, anandizungulira, anakokera pachifuwa mpaka mpweya unathawa. Ndinati yathina. Anati ikapanda kuthina mwana agwa. Anamasula dala, n'kuti ndimange ndekha. Kachitatu ndiye inagwira.

"Phunzirani. Kaya ndi kuno kaya ndi kumene anthu akunenako, ine sindidzabereka ndekha."

Ndinatsegula pakamwa. Anakweza foni.

"Malamulo anu aja. Osayang'ana kamera, osaseka, osalankhula. Lomalizalo mumalitha. Yendani."

Ndinayenda kuchokera pakhonde mpaka pa mpapaya, n'kubwerera. Y. ndi Mwanahalima anali ataima pa mpanda wathu, akuonerera. Y. anafuula kuti dokotala, dzanja lichoke kumatako a mwana, akazi sagwirizira. Ndinachotsa dzanja. Sanagwe. Tinajambula kanayi chifukwa T. akuti ndikuyenda ngati ndaba mbuzi. Pa ulendo wachinayi Thoko anali atagona, tsaya lili pakati pa mapewa anga, malovu akulowa m'malaya.

T. anaionera vidiyo, anati yatheka, anandibwezera foni. Anaima pomwepo. Sanapite kukhitchini, sanakhale pansi. Anangoima, manja atapinda, akundiyang'ana.

Ndinati, "Dikirani."

Ndinalowa, ndinatenga kope lino, ndinang'amba masamba onse kuyambira Lamulungu lapitalo mpaka dzulo. Sindinawerengenso, ndikanayamba kukonza. Ndinawapinda kanayi. Ndinatuluka, ndinamupatsa ndi manja awiri.

Anayang'ana kukhuthala kwake. "Zonsezi?"

"Za dzulo ndiye zenizeni. Koma muyambire koyamba."

"Musakhale pansi, adzuka."

Ndiye ndikulemba izi choimirira, kope lili pa windo, ndikugwedezeka uku ndi uku. T. ali pakhonde, pa mpando wa nsungwi, masamba pamwendo. Waseka kamodzi, ndikuganiza kuti ndi pa a Abubakar. Tsopano sakusekanso. Wafika pa Loweruka.

Akuitana. Akuti ndimubweretsere cholemberachi, naye alembe zake.